Chisisira cha pansi pa nyanja: phunziro limene ndinalakwitsa

Sabata ino ndiyamba ndi kuulula mlandu wanga. Mwezi wathawu ndinaphunzitsa ana a Folomu 3 bodza, nditaimirira kutsogolo kwawo, choko chili m'manja.

Linali phunziro la Biology, mutu wa mmene zamoyo zimadyerana. Ndinajambula nyanja pa bolodi n'kudula mzere pa mamita 200. Ndinawauza kuti pamwamba pa mzerewo pamafika dzuwa, choncho pali zomera, choncho pali nsomba. "Pansi pa mzerewu," ndinatero ine mosakayika, "ndi chipululu. Kuli mdima ndi kuzizira basi."

Mnyamata wina wokhala kumbuyo, amene holide iliyonse amapita kunyanja kukathandiza amalume ake kuyanika usipa, anaimika mkono.

"Aphunzitsi, nanga nkhungu zimachokera kuti? Amalume amati mphutsi zake zimaswera pansi penipeni pa nyanja, ndipo zimakwera usiku."

Ndinamuyankha mmene ife aphunzitsi timayankhira tikapanikizika: "Zimenezo sizili pa silabasi. Khala pansi." Anzake anaseka, iye anakhala pansi, belu linalira.

Funsolo linanditsatira mpaka kunyumba. Madzulo ake ndinagula bandulo n'kukwera pachulu paja pamene netiweki imagwira bwino kwathu kuno. Ndinawerenga tsikulo, mawa lake, mpaka sabata inatha. Amalume a mwana uja ankanena zoona. Ndipo zimene iwo amaona m'nyanja yathu ndi kachigawo chabe ka zimene zimachitika usiku uliwonse m'nyanja zamchere za dziko lonse lapansi. Ndati tigawane lero, chifukwa mwina si ine ndekha amene ndinkaganiza kuti kumene maso safika kulibe kanthu.

Tiyambe ndi kuyeza. Bwalo la mpira ndi lotalika pafupifupi mamita 100. Tengani mabwalo awiri, muwaimike limodzi pamwamba pa linzake, muwamize m'nyanja yamchere. Mwafika pa mamita 200. Pamenepo kuwala kwa dzuwa kumakhala kutatsala gawo limodzi lokha mwa magawo 100, kapena kucheperapo, ndipo zomera sizingathenso kupanga chakudya. Onjezani mabwalo ena asanu ndi atatu, mufike pa mamita 1,000. Kumeneko kuwala kwa dzuwa kumatheratu. Dera la pakati pa miyeso iwiriyi akatswiri amalitcha mesopelagic, ena amati twilight zone.

Ife dzina lake tili nalo kale: chisisira. Ndi nthawi ija dzuwa litalowa, nkhuku zitalowa m'khola, pamene umaona kuti panjira pakubwera munthu koma sungadziwe kuti ndani. Kusiyana kwake n'kwakuti pansi pa nyanja chisisira chimakhalapo ngakhale dzuwa lili paliwombo, ndipo kuwala kwake n'kwabuluu kokhakokha.

Madzi ake ndi ozizira. Chakumunsi kwake amafika madigiri 4 kapena 5, ngati m'filiji. Ndi olemeranso. Pa mamita 1,000, kamalo kakang'ono ngati chikhadabo kamapanikizidwa ndi mphamvu yofanana ndi matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50. N'chifukwa chake anthu anachedwa kukaonako. Mu 1934 William Beebe ndi Otis Barton a ku America analowa mumpira wachitsulo wokhala ndi timawindo, anzawo n'kuwatsitsa ndi chingwe kufupi ndi zilumba za Bermuda, mpaka anafika pa mamita 923. Beebe ankafotokozera anthu a musitima pa telefoni zimene ankaona: timagetsi tambirimbiri tikuyenda mumdima.

Umboni woti kumeneko kuli khamu la zamoyo unapezeka mwangozi pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mu 1942 akatswiri ogwira ntchito ndi asilikali a pamadzi a dziko la America ankayesa makina ofufuzira sitima za adani zoyenda pansi pa madzi, kufupi ndi mzinda wa San Diego. Makinawo amatumiza phokoso m'madzi n'kumvetsera likamabwerera, monga mawu amakubwererera ukakuwa m'munsi mwa phiri. Anadabwa kuona makina akusonyeza ngati nyanja yathera pa mamita 300 kapena 400, pamalo pamene ankadziwa kuti ndi pakuya kwambiri kuposa pamenepo. Chodabwitsa china chinali chakuti dzuwa likalowa, chinthu chooneka ngati nthaka chija chinkakwera. Kukacha chinkatsikanso.

Mu 1945 katswiri wa zamoyo za m'madzi Martin Johnson, wa ku Scripps Institution of Oceanography, anafotokoza kuti chinthu chokwera usiku n'kutsika masana chiyenera kukhala chamoyo. Sanalakwitse. Zinali nsomba zing'onozing'ono, tinkhanu ndi zamoyo zina zothinana kwambiri moti phokoso linkagunda pa izo n'kubwerera. Nsomba zambiri zili ndi kathumba ka mpweya m'mimba, kaja timakaona tikamatumbula chambo, ndipo kathumbako kamabweza phokoso mwamphamvu.

Ulendo umene makina aja anautulukira umachitika usiku uliwonse, m'nyanja zamchere zonse. Tikamayeza ndi kuchuluka kwa zoyendazo, palibe ulendo wa nyama padziko lapansi woposa umenewu. Nyumbu za ku Serengeti zimatchuka pa kanema, koma pamaso pa khamu ili ndi zowerengeka.

Chifukwa chake ndi chosavuta kumva. Chakudya chili pamwamba, chifukwa kumeneko ndi kumene kumamera tizomera tosaoneka ndi maso toyandama m'madzi, ndipo tizilombo todya tizomerato timasonkhana komweko. Zonsezi pamodzi akatswiri amazitcha plankton. Koma pamwamba pomwepo ndi pamene pali adani osaka ndi maso: mbalame, nsomba za tuna ndi zina zotero. Ndiye tinsombati timachita zomwe nguluwe imachita ndi munda wa chinangwa. Masana imabisala m'nkhalango, usiku imalowa m'munda, tambala asanalire yabwerera.

Zotchuka pa ulendowu ndi nsomba zimene Azungu amazitcha lanternfish, kutanthauza nsomba za nyali. Zilipo za mitundu pafupifupi 250, ndipo zambiri sizisiyana kukula ndi usipa wathu. Ndinachita masamu pang'ono. Kansomba ka masentimita 5 kokwera mamita 500 kayenda mtunda wofanana ndi thupi lake kuchulukitsa ka 10,000. Kwa munthu wotalika mamita 1.6, amenewo ndi makilomita 16 kupita kukadya mgonero, makilomita enanso 16 kubwerera kukagona, tsiku ndi tsiku. Ana anga ena amene amayenda mtunda wautali kubwera kusukulu anamvetsa msanga nditawauza zimenezi.

Tsopano tibwerere ku funso la mnyamata uja. Nkhungu, touluka tija timatuluka m'Nyanja ya Malawi ngati utsi ndipo anzathu a m'mbali mwa nyanja amatiumba n'kudyera nsima, zimayamba moyo ngati mphutsi za m'madzi. Mphutsizo n'zoonekera mkati ngati galasi. Masana zimatsika kufika mamita 200 kapena kupitirira, usiku zimakwera kukadya tizilombo tating'ono pafupi ndi pamwamba. Zikuthawa nsomba monga usipa ndi ndunduma. Ndi ulendo womwe uja, pa chifukwa chomwe chija.

Pali kusiyana kumodzi kofunika. Nyanja yathu ndi yakuya pafupifupi mamita 700 chakumpoto, koma madzi ake apansi sasakanikirana ndi apamwamba. Choncho kupitirira mamita 250 kulibe mpweya wa okosijeni, ndipo nsomba sizingakhaleko. Mphutsi za nkhungu zimapirira kwa maola angapo m'madzi osowa mpweya, ndiye zimathawira kumalire amenewo kumene nsomba zimalephera kuzitsatira. Nyanja zamchere zili ndi mwayi wina. Kufupi ndi nsonga zozizira za dziko lapansi, madzi apamwamba amazizira kwambiri, amalemera, n'kumira atatenga mpweya. Amayenda pansi pang'onopang'ono kufalikira m'nyanja zonse. Ndi mpweya umenewo umene umalola zamoyo kukhala mozama chomwecho.

Ngakhale mwezi uli ndi gawo lake. Msodzi aliyense wa usipa adzakuuzani kuti mwezi ukakhala wathunthu nyali za siginala sizikoka bwino usipa. M'nyanja zamchere, mwezi ukawala kwambiri nsomba zambiri za nyali sizifika pamwamba penipeni. Zimaima chapansi, chifukwa kuwala kwa mwezi n'kokwanira kuti mdani azione.

Nanga chamoyo chimakhala bwanji pamalo popanda mwala, udzu kapena dzenje lobisalamo? Yankho lalikulu ndi kuwala kodzipangira. Tonse timachidziwa chiphaniphani. Kuwala kwake kumachokera ku mankhwala a m'thupi mwake akakumana ndi mpweya wa okosijeni, ndipo sikutentha. Kumtunda kuno zamoyo zotere n'zochepa, koma m'nyanja ndiye zochuluka. Mu 2017 akatswiri a bungwe la MBARI ku California anaunika mavidiyo amene makina awo anajambula kwa zaka zambiri, ndipo anapeza kuti mwa zamoyo zinayi zilizonse zimene anaziona zikuyandama kapena kusambira, pafupifupi zitatu zinali za mitundu yotha kuwala.

Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti nsomba ya nyali imayatsa magetsi ake kuti ibisale. Taganizani. Mukaimirira m'nyumba ya mdima n'kuyang'ana kabowo ka padenga la malata, buluzi akadutsa pakabowopo mumamuona ngati chithunzithunzi chakuda. M'chisisira cha pansi pa nyanja adani ambiri amasaka choncho, akuyang'ana kumwamba kudikira chithunzithunzi. Nsomba ya nyali ili ndi mizere ya timagetsi kumimba kwake. Imatiyatsa molingana ndi kuwala kochokera kumwamba, moti chithunzithunzi chake chimafafanizika. Mtambo ukaphimba dzuwa, nayo imachepetsa. Timagetsito timakhalanso tondondozana mosiyana pa mtundu uliwonse, ndipo akatswiri amatigwiritsa ntchito posiyanitsa mitunduyo.

Zina zimagwiritsa ntchito kuwala poteteza moyo. Pali tinkhanu timene timalavula mtambo wowala pamaso pa mdani n'kuthawa iye akadali wothobwa. Pali jellyfish ina yotchedwa Atolla imene ikagwidwa imathwanimitsa magetsi mozungulira thupi lake, ngati munthu wokuwa kuti wakuba. Cholinga chake ndi kuitana chilombo chachikulu kuti chidzadye womugwirayo. Katswiri wina, mayi Edith Widder, anapanga nyambo yamagetsi yotsanzira kuthwanima kumeneku, ndipo mu 2012, kufupi ndi zilumba za Ogasawara ku Japan, nyamboyo inathandiza kujambula vidiyo yoyamba ya squid wamkulu kwambiri ali kwawo kozama. Squid ndi nyama yofewa thupi, ya miyendo yambiri yomera kumutu.

Maso nawonso ndi nkhani. Pali squid wina wotchedwa Histioteuthis amene diso lake limodzi ndi lalikulu, linalo laling'ono. Lalikululo limayang'ana kumwamba kufuna zithunzithunzi, laling'onolo limayang'ana pansi kufuna timagetsi. Pali nsomba ina, Macropinna microstoma, imene mutu wake uli ndi chophimba choonekera mkati, ndipo maso ake obiriwira ali mkati mwa chophimbacho. Inadziwika kwa akatswiri mu 1939, koma maukonde ankaswa chophimbacho poikoka. Mu 2008 Bruce Robison ndi Kim Reisenbichler a ku MBARI, ataiona yamoyo, anafotokoza kuti masowo amatha kutembenuka, kuyang'ana kumwamba posaka ndi kutsogolo pakudya.

Ndiye pali nkhani ya mtundu wofiira. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza, koma madzi amameza wofiira m'mamita oyambirira omwe, wabuluu n'kupitirira wokha. Chinthu chofiira chikakhala pamalo popanda kuwala kofiira chimaoneka chakuda. N'chifukwa chake tinkhanu ndi jellyfish zambiri za kumeneko n'zofiira ngati tomato: kwawoko sizioneka. Maso a zamoyo zambiri za kumeneko saona n'komwe kuwala kofiira. Koma pali nsomba ina, Malacosteus niger, imene ili ndi nyali yofiira pansi pa diso ndipo imatha kuona kuwala kwake. Imaunika anzake iwo osadziwa kuti akuunikidwa.

Zimene sizikwera usiku zimadalira zogwa kuchokera kumwamba: tizomera takufa, ndowe za tizilombo, zidutswa za zamoyo zina, zonse zikutsika pang'onopang'ono ngati gaga wouluzika. Squid wina wa dzina loopsa, vampire squid, sayamwa magazi a aliyense. Amakhala pakati pa mamita 600 ndi 900 m'madzi ochepa mpweya, amatambasula timaulusi tiwiri tatitali kutolera zogwazo, n'kuziumba ndi mamina kukhala timibulu tomeza. Zina zimadikira nyama yodutsa, ndipo popeza mwayi sudza kawirikawiri, zili ndi kamwa lalikulu ndi mano aatali ngati singano. Zambiri mwa izo zili ndi mimba yakuda mkati, kuti nyama yowala imene zameza isaziulule kwa adani.

Zilipo zingati? Apa ndi pamene nkhaniyi imasiya kukhala yongosangalatsa. Mu 1980 akatswiri awiri, Gjøsæter wa ku Norway ndi Kawaguchi wa ku Japan, anawerengera pogwiritsa ntchito kwambiri zogwidwa m'maukonde kuti nsomba za m'derali zimalemera matani pafupifupi 1 biliyoni. Mu 2014 gulu lotsogoleredwa ndi Xabier Irigoien, pogwiritsa ntchito makina a phokoso pa ulendo wa Malaspina umene sitima ya ku Spain inazungulira dziko mu 2010 ndi 2011, linati zikhoza kufika matani 10 biliyoni. Kuti mumve kukula kwake, nsomba zonse zimene anthu amagwira m'nyanja zamchere pa chaka ndi matani pafupifupi 80 miliyoni.

Ziwerengero ziwirizi zimasiyana chonchi chifukwa njira zonse ziwiri zili ndi chilema. Ukonde umachepetsa chiwerengero, popeza nsombazi zimauzindikira ukubwera n'kuuzemba. Makina a phokoso akhoza kuchulukitsa, popeza pali zamoyo zina zofewa zotchedwa siphonophore zimene zili ndi kathumba ka mpweya kobweza phokoso ngati nsomba. Chimene ambiri amagwirizana n'chakuti kansomba kotchedwa bristlemouth, kosaposa chala, ndi komwe kachuluka kwambiri mwa zamoyo zonse za fupa la msana padziko lapansi. Kaposa nkhuku, kaposa makoswe, kaposa anthu, chonsecho ambiri a ife sitinamvepo dzina lake.

Khamu limeneli limagwira ntchito ziwiri zimene zimatikhudza. Yoyamba ndi kudyetsa zinzake. Tuna, swordfish, ma dolphin ndi anamgumi ena amamira kukadya m'chisisira, kapena amadikira usiku kuti chakudya chiwapeze. Mbalame za king penguin za kunyanja yozizira ya kumwera zimadalira kwambiri nsomba za nyali. Ukachotsa tinsombati, wazula mzati wa nyumba.

Ntchito yachiwiri ndi yokhudza mpweya. Tizomera ta pamwamba pa nyanja timakoka mpweya wa carbon dioxide, womwe uja umene ukutenthetsa dziko. Tizilombo timadya tizomerato, nsomba ya nyali imadya tizilomboto usiku, m'mawa n'kutsika mamita mazanamazana. Kumeneko ndi kumene imapumira, kuchita chimbudzi ndi kufera. Kaboni amene anali mumlengalenga watsitsidwa pansi, kumene akhoza kukhala zaka makumi ambiri kapena mazana asanabwerere. Kuphatikiza ndi zogwa zija, nyanja imatsitsa matani mabiliyoni angapo a kaboni chaka chilichonse. Popanda ntchito imeneyi, mpweya wotenthetsa dziko ukanakhala wochuluka kwambiri kuposa lero.

Ife amene tinaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sitifunika kuuzidwa kuti zochitika m'nyanja ya Indian Ocean zimafika pakhomo pathu. Anamondwe amatenga mphamvu zawo ku madzi ofunda a m'nyanja. Msewu wake ndi wopita mbali zonse ziwiri. Madzi a mu Shire amathira mu Zambezi, Zambezi n'kuthira m'nyanja yamchere ku Mozambique, atanyamula majumbo amene timataya m'ngalande. Mu 2011 akatswiri a ku Scripps anatumbula nsomba za m'chisisira kumpoto kwa nyanja ya Pacific ndipo anapeza tizidutswa ta pulasitiki m'mimba mwa nsomba 9 mwa 100 zilizonse.

Tsopano maso a makampani a usodzi atembenukira kumeneko. Nsomba za pamwamba zachepa m'madera ambiri, pamene minda yowetera nsomba monga salmon ikufuna chakudya chochuluka. Nsomba za nyali n'zazing'ono, zimawonongeka msanga, ndipo zina zili ndi mafuta onga phula amene mimba ya munthu sigaya. Choncho cholinga chachikulu ndi kuzigaya kukhala ufa ndi mafuta odyetsera nsomba zowetedwa ndi ziweto. Dziko la South Africa linagwirapo nsomba za nyali m'zaka za m'ma 1970. Soviet Union inazigwira kumwera kwa nyanja ya Atlantic chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Iceland inagwira matani oposa 40,000 a kansomba kena ka m'derali mu 2009, ndipo m'zaka zotsatira zogwidwa zinatsika. Norway yakhala ikupereka zilolezo zoyesera. Chimene chateteza nsombazi mpaka pano ndi mtengo wa mafuta a sitima ndi kuvuta kozigwira.

Sindikufuna kunamizira kuti nkhaniyi ili ndi mbali imodzi. Ndimaphunzitsa ana amene amabwera m'kalasi m'mimba muli pululu, ndipo ndimadziwa mtengo wa kambale ka usipa pamsika. Munthu akanena kuti m'nyanja muli chakudya chochuluka chonchi pamene anthu akugona ndi njala, sindingamutsutse mwachibwana. Koma ndimafunsa mafunso awiri. Ufa wa nsombawo ukadyetsa salmon, salmon ameneyo adzamudya ndani? Si mwana wa kuno. Ndipo mungayambe bwanji kutapa m'nkhokwe imene wina akuti muli ngolo imodzi, wina akuti muli ngolo khumi?

Ife Amalawi tili ndi chipsera pa nkhani imeneyi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 nyanja ya Malombe inkatulutsa chambo matani masauzande pa chaka. Makoka a maso aang'ono anachuluka, anakokolola ana a nsomba ndi udzu wa pansi momwe chambo chimaswanirana, ndipo pofika m'ma 1990 chambo cha ku Malombe chinali chitagwa. Panthawiyo nyanjayo inkaoneka ngati yosatha. Koma tilinso ndi chitsanzo china. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu akhala akutseka usodzi m'miyezi ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amabwerera kukapeza nsomba chaka ndi chaka.

Nzeru ya ku Mbenji ikufunika pa nyanja zikuluzikulu. Mu 2016 boma la America linaletsa kuyambitsa usodzi wa nsomba za m'chisisira kugombe lake la kumadzulo mpaka kafukufuku wokwanira atachitika. Koma pafupifupi magawo awiri mwa atatu a nyanja zamchere ali kunja kwa malire a dziko lililonse. Mu Juni 2023 mayiko a m'bungwe la United Nations anagwirizana pangano loteteza zamoyo za m'madera amenewo, lomwe limatsegula njira yokhazikitsa malo otetezedwa ndi kuunika kaye zotsatira ntchito zikuluzikulu zisanayambe. Malawi inalivomereza mu 2025, ndipo linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2026. Ngakhale tilibe gombe la nyanja yamchere, madzi amenewo ndi a mayiko onse, ndipo mpando wathu pabwalo la zokambirana ulipo. Funso ndi lakuti amene adzakhale pampandowo zaka zikubwerazi adzakhala ataphunzitsidwa chiyani ali ku Folomu 3.

Lolemba lotsatira ndinalowa m'kalasi nditanyamula tochi, tomato mmodzi ndi majumbo abuluu. Ndisanayambe, ndinamuitana mnyamata uja kuti aimirire. Anaimirira mwamantha, akuganiza kuti mlandu wa tsiku lija sunathe.

"Unafunsa funso labwino, ine ndinakuyankha moipa," ndinatero. "Amalume ako akunena zoona. Wolakwitsa ndine."

M'kalasi munangoti zii. Mwina aka kanali koyamba kumva mphunzitsi akupepesa mwana. Kunena zoona, nanenso pakhosi panali pouma.

Tinatchinga mawindo ndi zitenje. Ndinakulunga tochi ndi majumbo abuluu angapo n'kuunika tomato. Anaoneka wakuda bii. Ana anakuwa, ena anabwera kudzamugwira kuti atsimikize kuti sindinamusinthe. Kenaka ndinajambulanso nyanja ija pa bolodi, ndipo pansi pa mzere wa mamita 200 tinadzazamo pamodzi nsomba za nyali, tinkhanu tofiira ndi mivi yoloza kumwamba ndi pansi. Pambali pake tinajambula nyanja yathu ndi mphutsi za nkhungu.

Mtsikana wina anafunsa: "Ndiye aphunzitsi, azigwire kapena azisiye?"

Ndinamuuza maganizo anga, kuti aziwerenge kaye, amvetse ntchito yake, ndipo wofuna kugwira ndiye abweretse umboni woti sawononga. Paja safunsa anadya phula. Koma ndinawauzanso kuti amenewo ndi maganizo anga chabe, ndipo sabata yapitayo ndinali wotsimikiza chimodzimodzi pa chinthu cholakwika. Tinakangana mpaka belu linalira, ndipo palibe anathamangira pakhomo.

Mnyamata uja ndamupatsa kope la masamba 40. Holide ikubwerayi akapita kwa amalume ake, azikalemba tsiku lililonse mmene mwezi unalili, ola limene asodzi anayatsa nyali, ndi zitini za usipa zimene anabwera nazo. Akabwerako adzaphunzitsa kalasi yonse, ine nditakhala pa desiki yake kumbuyo kuja.

Inu owerenga a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Karonga mpaka ku Mangochi, tilembereni zimene mumadziwa za kayendedwe ka nsomba usiku ndi masana, ndi mayina amene mumatchula zinthu zimenezi kwanuko. Ndidzawawerengera ana anga makalata anuwo. Tikumane sabata yamawa.